Mmene mungawerengere nsomba za pono pa matanthwe a korali: malangizo kwa ochokera kuno ku Lusaka

Funso limodzimodzi lakhala likundipeza kambirimbiri kuchokera kwa achinyamata ophunzira za nsomba ndi zachilengedwe kuno ku Lusaka. Munthu wapeza mwayi wokachita kafukufuku ku gombe la Tanzania, amupatsa mutu wa nsomba za m'nyanja yamchere zotchedwa pono (parrotfish), ndiye amabwera nkuti, "Akuluakulu, ndikakafika ndikayambire pati?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho kamodzi, kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Mfundo yomwe ndikufuna muigwire kuyambira pachiyambi ndi iyi: thanthwe la korali si malo amodzi. Mukasambira mamita 200 okha kuchoka pa udzu wa m'mphepete kupita komwe mafunde amaswekera, mudutsa malo atatu kapena anayi osiyana, ndipo malo alionse ali ndi pono wakewake. Amene amangolemba kuti "pa thanthwe lakuti ndinaona pono 300" wataya ndalama ya ulendo, chifukwa nambala imeneyo sitiuza kuti nsombazo zinali pati, zinali mtundu wanji, ndiponso zimachita chiyani pamenepo.

1. Idziweni nsombayo musanakwere basi

Pono ndi dzina lomwe asodzi olankhula Chiswahili amaitchula, ndipo ndi lomwe mukaligwiritse ntchito pa gombe. Mabuku a Chingerezi amati parrotfish, chifukwa mano ake anaphatikana nkupanga mlomo wonga wa chinkhwe. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 90, ndipo yambiri ili ku Indian Ocean ndi ku Pacific. Mabuku akale amaiika m'banja la Scaridae, pomwe atsopano amaiika mkati mwa banja la Labridae. Musasokonezeke mukaona mayina onse awiri.

Chofunika kwambiri ndi kadyedwe, ndipo pali magulu atatu. Loyamba ndi la zokumba: Chlorurus, Cetoscarus ndi Bolbometopon. Izi zili ndi nsagwada zamphamvu, zimaluma nkuchotsa nthuli ya mwala, pamalopo nkutsala chipsera chakuya. Lachiwiri ndi la zopala, makamaka Scarus ndi Hipposcarus, zomwe zimangopala pamwamba pa mwala nkusiya timizere tosazama. Amene anasiyanitsa magulu awiriwa momveka bwino ndi David Bellwood ndi Howard Choat mu 1990. Lachitatu ndi la zobudula, monga Leptoscarus ndi Calotomus, zomwe zimadya udzu wa m'nyanja ndi ndere zikuluzikulu osakhudza mwala.

Amene munaonapo mbuna zikupala ndere pa miyala ya ku Cape Maclear muli ndi poyambira, kungoti pono wokumba amameza ndi mwala womwe, nkuupera ndi mano ena a kummero, kenako nkuutulutsa uli mchenga. Bolbometopon muricatum, pono wamkulu kuposa onse yemwe amafika mamita 1.3, amatha kuchotsa mwala wopitirira matani 5 pa chaka ali yekha. Kafukufuku wa Kendall Clements ndi anzake wa mu 2017 anaonetsanso kuti zokumba ndi zopala zimafuna kwenikweni tizamoyo ting'onoting'ono tokhala pamwamba ndi mkati mwa mwala wakufa, monga cyanobacteria. Mfundo imeneyi muisunge, ikuthandizani pa gawo lomaliza.

2. Konzani zipangizo ndi maso anu muli konkuno

Zambiri mungazipeze m'mashopu a hadiweya a ku Kamwala kapena m'tauni: tepi ya pulasitiki ya mamita 50, tcheni chopepuka cha mfundo zing'onozing'ono chotalika mamita 10, paipi ya PVC, mapensulo wamba ndi kabolodi koyera ka pulasitiki kolembapo m'madzi. Tepi yachitsulo musagule, madzi amchere aidya dzimbiri sabata isanathe. Mask (magalasi oonera m'madzi), snorkel (kapaipi kopumira) ndi nsapato zosambirira ndi bwino kukhala ndi zanuzanu zokukwanani.

Kenako phunzitsani maso. M'madzi chinthu chimaoneka chachikulu ndiponso chapafupi kuposa mmene chilili, choncho woyamba kumene amakulitsa nsomba iliyonse. Dulani paipi ija m'zidutswa zosiyanasiyana, kuyambira masentimita 10 mpaka 60, mnzanu azimwaze pansi pa dziwe losambiramo, inu muziyerekeza utali wake muli pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, kenako muziyeza ndi tepi. Bwerezani mpaka kuphonya kwanu kuzichepera masentimita 5. Ngati kusambira kwanu nkwa pa Kafue nthawi ya tchuthi basi, yambani maphunziro tsopano. Munthu amene akulimbana ndi mpweya sangawerenge nsomba.

3. Zilolezo, ulendo ndi nyengo

Chilolezo cha kafukufuku ku Tanzania kumtunda chimachokera ku COSTECH, bungwe la boma loyang'anira sayansi ndi luso, pomwe Zanzibar ili ndi dongosolo lakelake. Yambani kulemba makalata miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo pezani bungwe la komweko loti mugwire nalo ntchito. Institute of Marine Sciences, yomwe ndi nthambi ya University of Dar es Salaam, ili ku Zanzibar konko, chimodzimodzi likulu la WIOMSA, bungwe la akatswiri a sayansi ya m'nyanja a chigawo cha kumadzulo kwa Indian Ocean. M'malo otetezedwa monga Mafia Island Marine Park kapena Chumbe mufunikanso chilolezo cha oyang'anira malowo.

Za ulendo sinditayapo nthawi: basi ya pa Intercity yodzera ku Nakonde ndi Tunduma, kapena sitima ya TAZARA yomwe imayenda makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam.

Nyengo ndiyo muiganizire. Gombe limeneli lili ndi mphepo ziwiri. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto chakummawa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo nyanja imakhala yodekherapo. Kusi imachokera kummwera chakummawa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala, ndipo imabwera ndi mafunde aakulu. Mvula yambiri ya mu Epulo ndi Meyi imadetsa madzi pafupi ndi mitsinje. Mawu ena awiri oti muwaloweze ndi bamvua, masiku omwe madzi amakwera ndi kuphwa kwambiri mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, ndi maji mafu, masiku omwe madzi sasintha kwenikweni. Ku Zanzibar, pa bamvua, kusiyana kwa madzi okwera ndi ophwa kumafika mamita anayi. Malo omwe munasambirapo mmawa mutha kuwapeza masana amayi akuyendapo wapansi kusaka octopus, yemwe komweko amati pweza.

4. Gawani thanthwe musanawerenge nsomba ngakhale imodzi

Tsiku loyamba ndi lachiwiri musawerenge kanthu. Khalani ndi nahodha, yemwe ndi woyendetsa bwato, muyang'ane limodzi chithunzi cha Google Earth, kenako musambire kuchoka kumtunda kupita kunja mukungoyang'ana pansi. Nahodha mumupatse ulemu wake, amadziwa komwe madzi amakoka pophwa, ndipo mapu sangakuuzeni zimenezo. Thanthwe komweko amati mwamba, korali amati matumbawe.

Kawirikawiri mupeza zigawo zinayi.

Choyamba ndi madzi odekha a mkati, omwe mabuku amati lagoon: mchenga, udzu wa m'nyanja ndi timilu ta korali apa ndi apo. Muno ndi kwawo kwa Leptoscarus vaigiensis ndi Calotomus spinidens, zomwe zimabisala m'udzu moti mukathamanga simuziona. Hipposcarus harid amakonda m'mphepete mwa mchenga, ndipo Scarus ghobban amapirira madzi amatope kuposa anzake ambiri. Ana a mitundu ingapo amakuliranso muno asanasamukire kunja.

Chachiwiri ndi pathyathyathya, reef flat m'mabuku: mwala wosazama wokhala ndi zibenthu za korali wakufa. Chakudya chilipo chambiri koma pobisala palibe, choncho pono amakwerapo m'magulu madzi akadzaza, nkuthawapo akayamba kuphwa.

Chachitatu ndi pamsana pa thanthwe, reef crest, pomwe mafunde amaswekera. Dzuwa limafika bwino, madzi amasinthana nthawi zonse, matope sakhazikika, ndipo chakudya chimaphukanso msanga chikapalidwa. Pa matanthwe ambiri pano ndi pomwe nsomba zodya ndere zimachuluka. Yembekezerani Scarus frenatus, Scarus rubroviolaceus ndi zokumba zikuluzikulu monga Chlorurus strongylocephalus.

Chachinayi ndi mtsetse wa kunja, reef slope, komwe thanthwe limatsikira kwakuya. Scarus niger amakonda pomwe korali wamoyo ndi wambiri. Mukamatsika, kuwala kumachepa ndipo pono nayenso amachepa. Kuno mufunika scuba, zida zopumira pansi pa madzi, ndi satifiketi yake. Ngati mulibe, lekerani pa zigawo zitatu ndipo mukalembe choncho mu lipoti.

Chlorurus sordidus yekha mumupeza pafupifupi paliponse. Ameneyo asakunamizeni kuti malo onse ndi ofanana.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi kuika mizere yonse yowerengerapo nsomba (onani gawo 6) pa thanthwe limodzi lapafupi ndi malo ogona. Mizere 40 pa thanthwe limodzi imakuuzani za thanthwe limenelo basi. Sankhani matanthwe atatu kapena kuposerapo, ena oyang'ana kumphepo ena obisika, ndipo pa chigawo chilichonse muike mizere inayi kapena isanu. Mzere usadutse malire a zigawo ziwiri. Ukayamba pa udzu uthere pa udzu.

5. Kuzindikira mitundu, pomwe ambiri amagwera

Apa ndichedwapo, chifukwa mabuku a njira za kafukufuku amangoti "lembani mtundu wa nsomba" ngati nchinthu chapafupi. Kwa pono si chapafupi ayi, ndipo mukalakwitsa pano masamu onse a pambuyo pake ndi opanda pake.

Vuto ndi lakuti mtundu umodzi umavala maonekedwe atatu pa moyo wake. Pali a ubwana. Pali a gawo loyamba la ukulu, lomwe timalemba kuti IP, pomwe nsomba imakhala yofiirira, yotuwa kapena yoderako. Zambiri za m'gawo limeneli ndi zazikazi, ngakhale muli zazimuna zina. Ndiye pali gawo lomaliza, TP, la zazimuna zazikulu zowala mobiriwira ndi mwa buluu. Mitundu yambiri ya pono imasintha kuchoka ku yaikazi kukhala yaimuna, ndipo mtundu wa khungu umasintha nawo. Akatswiri akale omwe ankatchula IP ndi TP ya nsomba imodzi mayina awiri osiyana. Leptoscarus vaigiensis ndi wosiyana ndi anzake, iye sasintha kuchoka ku wamkazi kukhala wamwamuna.

Ndiye kulakwitsa kumabwera mbali ziwiri. Woyamba kumene amalemba IP ndi TP ngati mitundu iwiri, mndandanda wake nkutupa. Kwinaku amaona gulu la tinsomba 30 tofiirira nkulemba kuti ndi mtundu umodzi, chonsecho muli mitundu itatu kapena inayi, chifukwa ma IP a Scarus amayenda osakanikirana. Choipa nchakuti kulakwitsaku sikugwa mofanana m'zigawo zonse. Tinsomba tofiirira tachuluka mkati ndi pathyathyathya, pomwe ma TP owala achuluka pamsana ndi pamtsetse. Mapeto ake mukalemba kuti mkati muli mitundu yochepa, pamene kwenikweni ndi maso anu amene analephera kuisiyanitsa.

Chitani motere. Musayambe ndi mtundu wa khungu, yambani ndi mutu. Chlorurus ali ndi mutu wobulungira ndi mano aakulu oonekera kunja. Scarus ali ndi mutu wosongokerapo ndipo milomo imaphimba gawo lalikulu la mano. Hipposcarus ali ndi mphuno yaitali ndi thupi lotuwa. Mano a Calotomus ndi osaphatikana kukhala mlomo. Mukadziwa gulu, theka la ntchito latha, popeza kadyedwe kamayendera gulu.

Mukatero yang'anani malo atatu okha: kuzungulira diso ndi pakamwa, tsinde la mchira, ndi mmene mchira wathera. IP ya Chlorurus sordidus ndi yoderako, ili ndi malo oyera pa tsinde la mchira okhala ndi dontho lakuda pakati, ndipo nthawi zina imaonetsa timadontho toyera m'nthiti. Koma chenjerani, imatha kuzimitsa zizindikiro zimenezi inu mukuyang'ana. IP ya Scarus ghobban ndi yachikasu yokhala ndi mizere ya buluu yotsika. IP ya Scarus frenatus ili ndi zipsepse zofiira ndi mizere yakuda yoyenda cham'litali. Scarus niger wamkulu ndi wakuda wokhala ndi kadontho kowala kumbuyo kwa diso chakumwamba. Mwana wa Cetoscarus ndi woyera, ali ndi lamba wa olenji pamutu ndi dontho lakuda pa chipsepse cha pamsana, ndipo safanana mpang'ono pomwe ndi makolo ake.

Malo abwino ophunzirira ndi pomwe asodzi amakocheza. Pitani kumsika wa nsomba mmawa, mupemphe mwaulemu kujambula pono wogwidwa m'madema, yomwe ndi miono yawo. Nsomba ili m'manja mutha kuwerenga mizere ya mamba a patsaya ndi mamba a patsogolo pa chipsepse cha pamsana, zomwe mabuku ozindikirira mitundu amadalira. Gulaniko imodzi kapena ziwiri, musamangojambula nkuchoka.

Dzipangireni khadi lanulanu la mitundu ya malo amenewo, IP ndi TP moyandikana, mulikute ndi pulasitiki. Buku la ku Caribbean lisiyeni, pono wa gulu la Sparisoma yemwe wadzaza mmenemo ku Indian Ocean kulibe. Samalaninso ndi mabuku a ku Pacific, chifukwa nsomba yomwe kale inkatchedwa Chlorurus sordidus kumeneko tsopano ndi Chlorurus spilurus, ndipo maonekedwe a mitundu ina amasiyana pakati pa nyanja ziwirizi.

Pomwe simunazindikire, lembani "Scarus sp." ndi utali wake, basi. Tinsomba tosakwana masentimita 10 tambiri tithera pamenepo ndipo palibe chochititsa manyazi. Dzina longopeka limaononga ntchito ya aliyense amene adzagwiritse ntchito zolemba zanu mtsogolo.

6. Kuwerenga pa mzere

Mzere, kapena transect, ukhale wa mamita 50 m'litali ndi 5 m'lifupi, kutanthauza mamita 2.5 mbali iliyonse ya tepi. Malo amenewo ndi masikweya mita 250.

Muzikhala awiri nthawi zonse. Wowerenga akhale patsogolo, mnzake azitambasula tepi pambuyo pake. Ambiri amayala tepi kaye nkubwerera kudzawerenga, koma pofika nthawi imeneyo pono wamkulu wapita kalekale, makamaka m'malo omwe amasodza ndi mikondo. Sambirani pang'onopang'ono ndi liwiro limodzi, maso patsogolo, ndipo zazikulu muzizilemba mukangoziona. Nsomba yolowa mu mzere kuchokera kumbuyo kwanu musaiwerenge. Pobwerera werengani ting'onoting'ono pa mpata wa mita imodzi yokha. Pa nsomba iliyonse lembani mtundu, gawo la moyo wake (ubwana, IP kapena TP), ndi utali m'magulu a masentimita 5.

Nthawi ikhale yofanana masiku onse, kuyambira 9 koloko mmawa mpaka 3 koloko masana. Pono ndi nsomba ya masana. Usiku amagona m'mapanga, ena atadzikuta m'thumba la mamina lomwe limawatchinjiriza ku tizilombo toyamwa magazi. Mbandakucha ndi chakumadzulo amakhala ali paulendo, ndiye mungawapeze pomwe sadyera. Zigawo zosazama muziziwerenga madzi atadzaza, ndipo pa mzere uliwonse lembani mmene madzi analili. Ngati simukuona mamita 5 patsogolo panu, tulukani, tsiku limenelo latayika.

Wowerenga akhale mmodzimodzi m'zigawo zonse. Mukagawana kuti uyu mkati, uyo kunja, simudzadziwa ngati kusiyanako nkwa malo kapena nkwa maso a anthu awiri.

7. Yezani malowo pa mzere womwewo

Nsomba zikawerengedwa, tepi isachotsedwe. Pa masentimita 50 alionse lembani chomwe chili pansi pa tepi: korali wamoyo ndi maumbidwe ake, mwala wokhala ndi ndere zazifupi, ndere zikuluzikulu, zibenthu, mchenga kapena udzu. Mupeza mfundo 100 pa mzere, choncho maperesenti amadzitulukira okha.

Kenako tcheni chija. Chiyaleni motsatira tepi, chizilowa m'maenje ndi kukwera pa timitunda, mosamala kuti musathyole korali. Yezani mtunda woongoka womwe chafika. Tcheni cha mamita 10 chikathera pa mamita 7, gawani 10 ndi 7, mupeza 1.43. Pa mchenga nambalayi imayandikira 1, ndipo ikamakwera ndiye kuti pobisala ndi pambiri. Lembaninso kuya kwa madzi ndi mbali yomwe thanthwe layang'ana.

Musaiwale tinyama taminga tomwe mabuku amati sea urchin. Ntchito ya Tim McClanahan ku gombe la Kenya inaonetsa kuti pomwe asodzi atha nsomba zodya tinyamati, timaswana kwambiri nkumalimbirana chakudya ndi nsomba zodya ndere. Mukapeza pono wochepa pamalo ooneka abwino, yankho lingakhale pamenepo. Valani bwino kumapazi, minga yake ikalowa imathyokera mkati.

8. Kumasulira zomwe mwapeza

Lembani zonse mu kompyuta madzulo a tsiku lomwelo, zolemba za pensulo zisanafufutike. Mukabwerera ku Lusaka, sinthani utali kukhala kulemera pogwiritsa ntchito W = aL^b, pomwe W ndi kulemera ndipo L ndi utali; manambala a a ndi b a mtundu uliwonse muwapeza pa FishBase, nkhokwe ya pa intaneti ya zokhudza nsomba. Kuti mupeze kulemera pa hekitala, za pa mzere wa masikweya mita 250 chulukitsani ndi 40, za ting'onoting'ono za pa mpata wa mita imodzi chulukitsani ndi 200. Izi nzofunika chifukwa nsomba ya masentimita 40 imalemera pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa ya masentimita 20, ndipo pa ntchito yokumba mwala zazikuluzo ndi zomwe zimagwira gawo lalikulu. Pathyathyathya pakhoza kupambana pa chiwerengero, pamsana nkupambana pa makilogalamu.

Onetsani zinthu zitatu pa chigawo chilichonse: kuchuluka kwa mitundu, kulemera kwa gulu lililonse la kadyedwe, ndi mayina a mitundu yomwe yapezeka. Chachitatuchi musachidumphe. Zigawo ziwiri zikhoza kukhala ndi mitundu 8 chilichonse, Shannon index, nambala yoyezera kusiyanasiyana kwa mitundu, nkufanana, koma mitundu yakeyo ili yosiyana kotheratu.

Pewani kulemba kuti pono wambiri ndi umboni wa thanthwe lathanzi. Paja tinati zokumba ndi zopala zimadya pa mwala wakufa. Korali akafa chifukwa cha kutentha kwa madzi, monga zinachitikira ku Indian Ocean mu 1998 ndi 2016, malo odyera amachuluka ndipo pono amatha kuwonjezeka kwa zaka zingapo. Akadzagumuka mafupa a koraliyo, pobisala nkutha, ndi pomwe nsomba zimayamba kuchepa. Nchifukwa chake manambala a tcheni ndi a pansi pa tepi ayenera kukhala pambali pa manambala a nsomba.

Usodzi nawo umasokoneza chithunzi. Mukayerekeza mtsetse wa ku Chumbe, komwe kusodza nkoletsedwa kuyambira m'ma 1990, ndi udzu wa pafupi ndi mudzi wa asodzi, mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Yerekezani msana ndi msana, udzu ndi udzu, mkati ndi kunja kwa malo otetezedwa. Ndipo ngati mwaona Bolbometopon, yemwe IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, inamuika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo, lembani tsiku, kuya ndi kukula kwa gulu ngakhale ali kunja kwa mzere. Malo ake enieni muwapereke kwa oyang'anira okha, osati pa Facebook, chifukwa nsombayi imagona m'magulu pamalo osazama ndipo osodza ndi mikondo usiku amatha kutha gulu lonse.